Chimene chinkadya makorali a adokotala ku Umhlanga

Lipoti ili ndi la thanki imodzi ya madzi amchere imene ndimasamalira ku Umhlanga, kumpoto kwa Durban. Ndalilembera anzanga a ntchito ya mathanki a nsomba, makamaka amene anazolowera mbuna ngati mmene ndinalili ine. Ntchitoyi ndinayambira kwathu ku Salima, kulongedza nsomba za m'nyanja yathu zopita kunja, ndipo za makorali ndinadzaphunzirira kuno ku Joni, kugwa n'kudzuka. Zinachitika mu 2023. Zinanditengera miyezi yoposa inayi kuti ndithane nazo, ndipo amene analowetsa mdani m'thankimo ndinali ine ndemwe, ngakhale ndinadzazindikira mochedwa.

Thankiyo ndi dandaulo la mwini wake

Thankiyo ili m'chipinda chodikiriramo odwala kwa dokotala wina wa mano. Imalowa malita 600, ili ndi sampu pansi (kathanki kosefera madzi), sikima yochotsa zonyansa m'madzi, mapampu awiri oyendetsa madzi ndi nyali za LED. Pamwamba pa miyala panali magulu 14 a Acropora, makorali olimba anthambi aja. Chapakati pali Montipora yofiira yoyala ngati mbale, pansi pali Zoanthus, timaluwa tofewa tomera mothithikana ngati kapinga, ndipo pakona pali Euphyllia imodzi. Nsomba zake ndi ma clownfish awiri, Chromis zisanu, yellow tang, ndi coral beauty, kansomba ka buluu ndi olenji ka mtundu wa Centropyge. Ndimapitako Lachiwiri lililonse.

Kwa amene simunagwirepo makorali: korali si mwala ndipo si chomera, ndi nyama. Korali yolimba ili ndi chigoba cha laimu, ndipo pamwamba pa chigobacho pamayala mnofu wopyapyala ngati khoko la nyemba yoviika. M'mnofumo mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa nyali n'kumagawirako koraliyo, ndipo mtundu wa khofi umene makorali ambiri ali nawo umachokera ku nderezi. Mnofu ukachoka chigoba chimatsala mbee. Kuvuta kwa ntchito yathu kuli pomwepo. Kaya korali yalumidwa, kaya yapsa ndi madzi oipa, kaya yawotchedwa ndi inzake, chimene mwini thanki amaona n'chimodzi: banga loyera.

Adokotala anandiimbira Lachisanu masana, zimene sachita kawirikawiri. Madandaulo anali awiri. Zoanthus ya kumanzere inali itatseka kwa masiku angapo ndipo timaluwa tina tinkasowa. Kenako Acropora valida, ija yansonga zapepo, inali itafwifwa m'tsinde. Wolakwa anali atamupeza kale.

“Mubwere ndi ukonde mudzachotse coral beauty ija. Mayi a pa resepishoni aiona ndi maso awo ikujompha.”

“Adokotala, nsombayi yatha zaka ziwiri muno. Mundipatse sabata imodzi ndione kaye.”

Sikuti ndinkaikira kumbuyo nsombayo. Ma Centropyge amatembenukadi, ina imakhala chaka chonse yaulemu kenako n'kuyamba kudya makorali ofewa popanda chifukwa chodziwika. Koma kugwira kansomba kotere m'thanki yodzaza miyala ndiye kuti kupasula thanki yonse, ndipo ukapasula wolakwa ali wina, watsala ndi mavuto awiri. Chinanso, nsombazi zimangokhalira kujompha tsiku lonse, ndere pamwala, mamina amene korali imatulutsa, chilichonse. Kuiona ili pabanga loyera si umboni ayi.

Madzi kaye, kenako bala

Ndinayamba ndi madzi. Chaka chimenecho magetsi ankazima tsiku ndi tsiku kuno, nthawi zina maola 6 kapena kuposa, ndipo mathanki ambiri amene ndinawaona akuwonongeka sanadyedwe ndi chilombo chilichonse. Inveta ya adokotala imayendetsa pampu yaikulu, koma kapampu kothira mankhwala a KH (muyeso wa carbonate m'madzi, imene makorali amamangira chigoba) kakasokonekera nthawi, madzi amasintha mwakachetechete. Ndinapeza mchere uli pa 35 ppt, kutentha madigiri 25.6, KH 8.1, calcium 430, magnesium 1320, nitrate 5, phosphate 0.05. M'kope langa, KH ya miyezi itatu yapitayo sinatsike kuposa 7.8 kapena kukwera kuposa 8.3. Madzi analibe mlandu. Euphyllia, imene usiku imatambasula zingwe zake zazitali n'kuwotcha oyandikana nayo, inali patali ndi onse awiri odwalawo, ndiponso bala la kuwotchedwa limakhala mbali imodzi yokha, yoyang'ana kwa wowotchayo.

Chimene ndimakhulupirira kuposa maso a mboni ndi maonekedwe a bala, chifukwa chilichonse chili ndi kadyedwe kake. KH ikalumpha, nsonga za Acropora zimayera ngati zawauka ndi moto. Matenda oti mnofu uzingosupuka wokha amayambira m'tsinde kukwera m'mwamba, mzere wake wowongoka bwino ngati munthu akuvula sokosi, ndipo amtundu wachangu amatha korali yonse tsiku limodzi. Nsomba imaluma masana, pamalo owonekera, ndipo korali yovutitsidwa ndi nsomba imabisa mapolipu ake (timilomo tamphonje timene imadyera) masana n'kuwatulutsa nyali zikazima. Nkhanu imang'amba, nthawi zina kuthyola nthambi n'kusiya zinyenyeswa pansi. Nkhono za Drupella zimaseteka mnofu wonse kusiya chigoba choyera bwino, zokha n'kukabisala patsinde. Tizilombo tofiira ta Tegastes, timene anzathu amati red bugs, sitisiya bala n'komwe, korali imangofwifwa n'kuleka kukula, ndipo ukayang'ana ndi lenzi umaona timadontho tachikasu ta mitu yofiira, tosafika milimita imodzi.

Valida ya adokotala sinkagwirizana bwino ndi chilichonse mwa izi. Poiyang'ana kutsogolo kwa galasi inali yofwifwa chabe m'munsi, mapolipu atabisala usana ndi usiku womwe. Ndikanaichotsa tsiku lomwelo n'kuitembenuza, nkhaniyi ikanafupika ndi masabata atatu. Sindinatero, chifukwa inali itamera kale pamwala ndipo ndinkaopa kuithyola. Ndinangoijambula ndi foni n'kukonza zobwera usiku.

Usiku woyamba

Mlonda wa pamalopo ndi bambo wachikulire wa ku Mangochi, mwana wa msodzi. Ananditsegulira cha m'ma 10 koloko, patatha maola awiri nyali za thanki zitazima. Ndinakulunga pepala lofiira la pulasitiki kumutu kwa tochi, poti zolengedwa zambiri za m'miyala sizithawa kuwala kofiira ngati mmene zithawira koyera. Tinakoka mipando ya odwala n'kukhala phee.

Thanki ya masana ndi ya usiku ndi midzi iwiri yosiyana. Pagalasi panali Asterina, tinyenyezi totuwa tamiyendo yosalingana. Pamchenga tizilombo tating'ono tinali balala. Pomwe panasowa Zoanthus panali nyongolotsi zitatu zapinki zaubweya woyera m'mbali, mitu italowa pabala.

“Ndi zimenezo, achimwene! Simukuziona zikudyazo?”

“Zikudyadi, madala, koma ntchentche ikatera pabala sindiye kuti ndi imene yacheka.”

Ma bristleworm wamba amenewa amadya zakufa ndi zowola, ndipo thanki iliyonse yokhazikika ili nawo mazanamazana. Anthu amawapha chifukwa cha nkhope. Yoopsa kwenikweni kwa makorali ndi Hermodice carunculata, yonenepa, yokhala ndi timphonje tofiira pamsana, koma kwawo ndi ku Atlantic, ku Caribbean ndi ku Mediterranean, ndipo miyala ya thanki iyi sinachokere kumeneko. Ina imene ndinkaiopa ndi Eunice, ya tinyanga tisanu kumutu, yothamanga ngati mphezi ikaona kuwala. Mu 2009 ku Blue Reef Aquarium ya ku Newquay, ku England, anachita kupasula thanki yonse kuti apeze nyongolotsi yotere yotalika kuposa mita, imene inakhala ikudula makorali kwa miyezi. Eunice imadziulula ndi timakwawa ta timiyala tomatamata pakhomo la una wake, komanso imakoka tizidutswa ta korali kupita nato kuuna. Ndinaunika mapanga onse, sindinaone zimenezo.

Patatha mphindi ngati 40 madala anayamba kuwodzera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pampando wa kwa dokotala wa mano pakati pa usiku kudekhako kumavuta. Ndiye kuseri kwa mwala kunatulukira shirimpi, kenako ina, kenako yachitatu. Ine sindinaikemo shirimpi m'thanki imeneyi. Zinayenda modukizadukiza mpaka pa Zoanthus, imodzi n'kuima pamwamba pa kaluwa kotseka, n'kuyamba kubudula mphonje zake ndi timanja, kuponya m'kamwa, osapupuluma, ngati mayi akusadzula nkhwani. Msana wake unali ndi linunda, thupi la mizere yofiira ndi yoyera yowala, maso aakulu.

M'mawa adokotala anavomera. Masabata 6 m'mbuyomo anaona Aiptasia, tinyama tofewa tosafunika tija tomera pamiyala ngati timaluwa, ndipo anawerenga pa intaneti kuti peppermint shrimp imadya timeneti. Anapita kusitolo ina, anagula zitatu, anaziponyamo Loweruka osandiuza. Zimene anawagulitsa sizinali peppermint, ya mtundu wa Lysmata, ya msana wowongoka ndi mizere yofiira yosawala kwambiri. Zinali camel shrimp, zimene Aiptasia sizilabadira koma makorali ofewa zimadya. Kusokoneza ziwirizi n'kofala m'masitolo. Choseketsa n'chakuti dzina lake la sayansi ndi Rhynchocinetes durbanensis, analipereka mu 1936 potengera mzinda wathu womwe uno.

Kuzigwira sikunavute kwenikweni. Ndinadula botolo la pulasitiki pakhosi, ndinalowetsa khosilo chambuyo, n'kuikamo kachidutswa ka nsomba. Madala atauona msamphawo anaseka: “Aaa, mono umenewu! Mwabwera nawo ku Joni mono?” Ziwiri zinalowa usiku womwewo, yachitatu inandizunza masiku anayi. Pogwira miyala ya Zoanthus ndinavala magolovesi ndi magalasi, ndipo izi musamazinyozere: ina mwa makorali amenewa, makamaka Palythoa, ili ndi poizoni wa palytoxin, ndipo kamadzi kake kakakuthowera m'diso kapena pachilonda umakathera kuchipatala.

Sabata isanathe Zoanthus inatsegula. Adokotala anakondwa, coral beauty inapulumuka, ndipo ine ndinalemba m'kope kuti vuto latha.

Silinathe

Camel shrimp siifotokoza za Acropora, ndipo ndinkadziwa, koma ndinadzinamiza kuti mwina valida inangokhumudwa ndi kupondedwapondedwa usiku. Chinandidzutsa ndi zithunzi. Pausiku uliwonse umene ndinkapita kukaona mono uja ndinkajambulanso makorali a pamwamba, poti ndinali pomwepo kale. Nditaziika pamodzi pakompyuta, zithunzizi ndi zina za m'masabata atatu amenewo zinaonetsa kufwifwa kukukwera nthambi za valida, ndipo Acropora millepora yoyandikana nayo inali itayambanso, ndi ina yachitatu kuseri. Pokulitsa chithunzi chimodzi chimene tochi inawalira cham'munsi, ndinaona timadontho tozungulira, toyera, tofanana kukula, ngati milimita imodzi kalikonse, tili ndanda kunsi kwa nthambi kumene nyali siifika. Zinkaoneka ngati zipsera za katsabola. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala: pakanapanda shirimpi zija, zithunzizi sindikanakhala nazo.

Lachiwiri lotsatira ndinapita ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ndimagwira naye ntchito. Tinazimitsa mapampu onse madzi n'kukhala bata. Ndinatenga chopopera cha mphira chija amathirira msuzi pankhuku yowotcha, n'kupopera valida mwamphamvu pakati pa nthambi. Kunauluka tinthu tiwiri kapena titatu ngati gaga, tikupindika m'madzi, ndipo Chromis zonse zisanu zinathamangira n'kutimeza tisanafike pansi. Nsomba sizithamangira fumbi chomwecho.

Ndinathyola valida patsinde, zimene ndinayenera kuchita kalekale. Tinaiika m'beseni loyera la madzi a m'thanki momwemo, tinathira dipi ya Coral Rx, mankhwala oviikamo makorali kuti tizilombo tigwe, monga mwa muyeso wa pabotolo, n'kumapopera pang'onopang'ono. Beseni likhale loyera ndithu, m'ndowa yakuda simuona kanthu. Mphindi yoyamba kunagwa tizilombo wamba. Yachitatu isanakwane zinayamba kuyoyoka: nyongolotsi zaphanthiphanthi, zozungulira motalikirapo ngati njere ya nkhaka, zakhofi wotuwa wamathothomathotho, zikufinyika pansi pa beseni. Mphwanga anawerenga 23, yaikulu inali mamilimita ngati 8.

“Amalume, zonsezi zinali pakanthu kakang'ono kameneka? Inetu ndinayang'ana ndi lenzi, panalibe.”

Sananame. Pakorali nyongolotsizi sizioneka. Zimamatirira thupi lonse pamnofu, ndipo poti zimadya mnofuwo pamodzi ndi ndere zake, nderezo zimadzaza m'matumbo mwake amene anayala thupi lonse, motero nyongolotsi imavala mtundu wa korali imene ikudya. Ukaisiya korali kunja kwa madzi mphindi zingapo kuti iumeko, m'pamene nthawi zina umaona pena pakunyezimira mosiyana.

Kenako tinatembenuza tsinde. Pachigoba choyera, m'malire mwa mnofu wamoyo, panali timagulu ta timikanda takhofi tothithikana, tomamatira zolimba moti madzi opopera sankatisuntha. Mazira. Ndinamuuza mphwanga kuti akumbukire nsabwe ndi mina: kusamba kumachotsa nsabwe, mina imatsala m'tsitsi kudikira tsiku lake.

Pantchito timangoti AEFW, chidule cha Acropora-eating flatworm, kutanthauza nyongolotsi yaphanthiphanthi yodya Acropora. Kwa zaka zambiri osunga makorali ankaidziwa nyongolotsiyi asayansi asanaipatse dzina. Kate Rawlinson ndi anzake ndi amene anaifotokoza mu 2011 kuchokera m'mathanki, n'kuitcha Amakusaplana acroporae, ndipo mu 2012 analengeza kuti yapezeka koyamba m'nyanja yeniyeni, ku Lizard Island pa Great Barrier Reef. Pano dzina lake linasintha, ndi Prosthiostomum acroporae. Imadya Acropora yokha, n'chifukwa chake Montipora yomwe inali pafupi sinakhudzidwe. Kamkanda kalikonse kamakhala ndi ana angapo m'kati, ndipo pa kutentha kwa mathanki athu amaswa pakatha masabata awiri kapena atatu. Madzi akafunda amafulumira. Ana ena amakwawira pakorali yomweyo, ena amasambira kukafuna ina. Mfundo imene imalamula chithandizo chonse ndi iyi: palibe dipi imene ndikuidziwa yopha mazirawa korali n'kutsala yamoyo.

Inalowa bwanji

Ndinabwerera m'kope. Miyezi itatu vuto lisanaoneke, munthu wina amene ankasamukira kunja anatseka thanki yake n'kumagulitsa makorali motchipa. Ndinatengako Acropora tenuis yokongola n'kuwapatsa adokotala. Kope likuti: dipi mphindi 10, palibe chagwa, yamatidwa. Ndinaimata pamodzi ndi kamwala kake kakale, ka ming'alu, osadula, osaibindikiritsa n'tsiku limodzi lomwe. Nditaichotsa tsopano n'kuyang'ana pansi pa kamwalako, makoko a mazira akale anali pomwepo. Tenuis yomweyo inkaoneka yathanzi kuposa onse.

Umu ndi mmene AEFW imayendera kuno. Makorali onse olimba ali pa Appendix II ya CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, motero kuitanitsa kunja kumafuna mapepala ndi ndalama, ndipo a ku Sodwana Bay ali m'malo otetezedwa a iSimangaliso, sukatengako. Ndiye ambiri timadalira mafragi, tizidutswa togulitsana ndi kusinthana tokhatokha. Fragi imodzi imadutsa m'mathanki asanu pachaka, kamwala kake n'kumanka nako.

Ndinawauza adokotala momwe zinalili, kuti shirimpi zinali zawo koma nyongolotsi zinali zanga, ndipo ntchito yochotsa sindiwalipiritsa.

Chithandizo

Adokotala anali atawerenga kale za mankhwala othira m'thanki momwemo, ndipo anatchula awiri. Flatworm eXit ndi ya nyongolotsi zina, zofiira za Convolutriloba zimene zimayala pamchenga ndi pagalasi. Pa AEFW ine sindinaionepo ikuthandiza. Mapiritsi a agalu a milbemycin ndi a red bugs, ndipo amapha nkhanu ndi shirimpi zonse m'thanki, nyongolotsi n'kutsala. Kuthira mankhwala usanadziwe dzina la mdani ndi kumene kwaphetsa mathanki ambiri kuposa adaniwo, mwa amene ine ndawaona.

Njira imene ndinasankha ndi yotopetsa. Acropora yonse, yodwala ndi yooneka yabwino yomwe, inatuluka kupita kuthanki ya kwarantini ya malita 120 m'galaja mwanga, yopanda mchenga, yopanda miyala, makorali ali pashelefu ya pulasitiki. Gulu lililonse ndinalidula pamwamba pa tsinde, matsinde ndi timiyala takale n'kutaya, nthambi n'kuzimata pa mapulagi atsopano, timiyala tomatapo makorali. Pamene panali chigoba choyera pakati pa nthambi ndinapala ndi kampeni, pomwe kampeni sikafika ndinatsekapo ndi guluu. M'thanki ya adokotala ndinapala mnofu wonse wa Acropora umene unayala pamiyala n'kumatapo epoxy, chifukwa kachigamba kotsala kangati chikhadabo n'kokwanira kudyetsa nyongolotsi mpaka makorali adzabwerere. Cholinga n'choti zoswa m'thanki yaikulu zife ndi njala, zoswa m'kwarantini zigwe m'dipi zisanakule n'kuikira.

Apa tinakanganapo pang'ono. Pamwamba pa thanki panatsala miyala yokhayokha, ndipo odwala ankafunsa. Adokotala anapempha kuti ndisiyeko magulu awiri amene sankaoneka odwala. Ndinakana. Limodzi mwa awiriwo linagwetsa nyongolotsi 9 padipi yoyamba.

Pogwira millepora mphwanga anakuwa kuti muli nkhanu, ali kale ndi pini m'manja kuti aibaye. Ndinamugwira dzanja. Kanali kankhanu kosalala, kotuwa, kamzere wakuda pakati pa maso, ka mtundu wa Tetralia. Timeneti timakhala m'nthambi za Acropora moyo wake wonse, timachotsa zinyalala pamnofu, ndipo sitiwononga. Zoipa ndi zija zaubweya, zamanja onenepa a nsonga zakuda, zimene timati gorilla crab. Dipi ikanakapha, ndiye sabata iliyonse tinkayamba takanyengerera ndi kamtengo kuti katuluke, kadikire m'kapu, tikatha n'kukabwezera kwawo. Kali moyo mpaka lero.

Dipi inali ya sabata ndi sabata, tsiku lomwelo, kwa masabata 8, ngati ng'ombe za kudipi kwathu. Korali iliyonse m'beseni mphindi 8 mpaka 10, kupopera, kutsuka m'madzi amchere ena oyera, kuyang'ana ndi lenzi, kubwezera. Sabata yoyamba zinagwa zambiri moti sitinawerenge. Yachiwiri zisanu. Yachitatu palibe, ndipo mphwanga anati tatha. Yachinayi kunagwa tina tosaposa mamilimita awiri, toyera pang'ono poti tinali tisanadye mokwanira, kusonyeza kuti pena mazira anatiphonya. Tinawapeza pamphanda ya nthambi za tenuis ija, ndipo nthambi yonseyo ndinaidula. Kuyambira sabata yachisanu sikunagwenso kanthu. Amene amaleka dipi akaona beseni loyera kamodzi ndi amene amati AEFW siitha.

Ena amafunsa za nsomba zodya nyongolotsizi. Ofufuza a ku Townsville, ku Australia, anayesa zimenezi ndipo zotsatira zinatuluka mu 2020: six-line wrasse imadya nyongolotsi zazikulu koma mazira siikhudza, pamene shirimpi ya Lysmata vittata imadya zonse ziwiri koma osamaliza. Zimathandiza kuchepetsa. Ine six-line sindinaiike kwa adokotala, chifukwa ikakula imakhala yandewu, ndipo kuichotsa n'kovuta kuposa coral beauty. Komanso nsomba yotere imabisa vuto: mabala amachepa, mwini thanki amati zatha, n'kumagawira anzake mafragi a mazira.

Mwa magulu 14 tinataya anayi. Valida ndi ina imodzi zinali zitadyeka kale kwambiri, sizinapirire dipi yachiwiri. Ziwiri zinazo ndinapha ndine. Thanki yaing'ono yodzaza Acropora imamwa KH msangamsanga, ndipo usiku wina magetsi atazima batire langa linatha, pampu inaima maola angapo, m'mawa ndinapeza ziwiri zikusupuka. Kwarantini ya makorali imafuna nyali, madzi oyenda ndi kuyeza KH tsiku lililonse ngati thanki yeniyeni. Aliyense woganiza zotsata njirayi ayambe wakonza zimenezo asanadule nthambi ndi imodzi yomwe.

Thanki ya adokotala inakhala masabata 10 yopanda Acropora. Pobwezera sindinaike zonse. Ndinayamba ndi kafragi kamodzi ka valida kochokera kwa mnzanga amene thanki yake ndimaidziwa, poti valida ndi imodzi mwa zimene nyongolotsizi zimakonda kwambiri. Kanakhala masabata atatu pamwamba pa mwala ngati nyambo, ndinakachotsa, ndinakaviika m'dipi, beseni linali mbee. Apo m'pamene magulu 10 otsalawo anabwerera, aang'ono kuposa mmene anachokera.

Coral beauty ikadalipo ndipo ikadajomphabe. Ndimaiyang'ana Lachiwiri lililonse, makamaka pa Euphyllia, ndipo mpaka pano mapolipu ali otambasuka masana. Adokotala analeka kuponya zinthu m'thanki Loweruka, koma kugula sanaleke. Mwezi wathawu ndinapeza thumba la pulasitiki pa resepishoni, m'kati muli Montipora yobiriwira, ndi kapepala koti ndiione kaye. Ili m'galaja mwanga, sabata yachitatu tsopano. Pulagi yake ndinataya tsiku lomwelo. Padipi yoyamba, kuchokera kunsi kwa mbale yake, kunagwa tinudibranchi (tinkhono ta m'nyanja topanda chigoba) tiwiri toyera tamphonje, tosaposa njere ya mpunga, ta mtundu uja wodya Montipora umene anaupatsa dzina ku Hong Kong mu 2020. Mazira ake ndinawapeza kum'phepete, ndinathyolako mbali yonseyo, ndipo dipi yotsatira ndi ya Lachinayi.